Kuwerenga zinkhwe m'mphepete mwa Tambopata

Achemwali anga mpaka lero nkhaniyi siyiwalowa m'mutu. "Ndiye kuti iwe unatulutsa ndalama zako kuti ukagwirire anthu ntchito? Osati iwo kukulipira iwe?" Akafunsa choncho amaseka mpaka misozi. Sindiwatsutsa ayi. Kwathu ku Thyolo munthu akalowa m'tchire ndi chikwanje m'mawa, madzulo amayembekezera kanthu m'manja. Ine ndinalipira kuti ndizidzuka usiku, kuvala jombo zonyowa, ndi kukhala pa thabwa maola ambiri ndikulemba manambala m'kope lomwe silinali langa.

Ndinali nditagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ku England, kwa zaka zingapo, ndikusunga pang'onopang'ono, ndipo mpata utapezeka ndinanyamula chikwama chakumsana n'kupita ku Peru. Lima, Arequipa, Cusco, njira yomwe aliyense amadutsa. Ku Cusco ndinatopa nako kuyenda kongoonerera. Umafika, umajambula, umadya, umakwera basi ina. Pa khoma la nyumba ya alendo yomwe ndinkagona panali pepala la kabungwe kena kofuna anthu odzipereka kukathandiza kafukufuku wa zinyama ku Madre de Dios, chigawo cha kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo chomwe chimachita malire ndi Brazil ndi Bolivia. Kadi yanga ya katemera wa yellow fever ndinali nayo kale. Ndinawalembera, anandiyankha, ndinagula tikiti.

Basi ya usiku imanyamuka ku Cusco, pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400, n'kukwerabe kupitirira mamita 4,000, kumene mawindo amachita madzi oundana. Kenako imangotsetsereka usiku wonse. Umagona utafunda bulangete, umadzuka ukutuluka thukuta, makutu atatseka, uli ku Puerto Maldonado komwe ndi pamtunda wa mamita osakwana 200 basi. Ulendowo ndi wa maola pafupifupi khumi. Msewu wa phula wa Interoceánica, wolumikiza Peru ndi Brazil, usanathe cha m'ma 2011, anthu ankatha masiku angapo pamwamba pa lole, makamaka nthawi ya mvula. Msewu umenewu ubweranso m'nkhaniyi, chifukwa zabwino ndi zoipa za kumeneko zonse zimadzera pomwepo.

Kuchokera m'tauni tinakwera bwato lalitali lopapatiza, la injini, kutsata mtsinje wa Tambopata kumtunda. Madzi ake ndi ofiira ngati tiyi wa mkaka. Tinadutsa mudzi wa Infierno, wa anthu a mtundu wa Ese Eja, tinaima pa malo a alonda a SERNANP, nthambi ya boma yoyang'anira malo otetezedwa, kuti atilembe mayina. Nkhalango yotetezedwa ya Tambopata, yomwe ndi gawo la nkhalango yaikulu ya Amazon, inakhazikitsidwa mu 2000 ndipo ndi yaikulu mahekitala oposa 270,000. Kuseri kwake kuli paki ya Bahuaja-Sonene, yomwe ndi yaikulu kuposa pamenepo.

Msasa wathu unali nyumba za matabwa zokwezedwa pa mizati, denga la masamba a kanjedza, makoma ofika m'chiuno basi. Bedi, neti ya udzudzu, kandulo. Magetsi a dzuwa ankayaka pang'ono madzulo kuti titchaje mabatire a makamera, foni inali yomaliza pa mzere. Odzipereka anzanga ambiri anali achinyamata a ku Germany, Netherlands ndi Britain, ena angomaliza kumene sukulu. Munthu wakuda ndinali ndekha, ndipo ogwira ntchito pa msasapo poyamba ankati ndine wa ku Colombia kapena Brazil. Nditatchula Malawi, wophika anandifunsa ngati kuli mikango pakhomo. Ndinamuyankha kuti mkango ndinauona koyamba pa TV ngati iye yemwe, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankandionjezera chinangwa chokazinga.

Ntchito yaikulu inali ya pa collpa. Collpa ndi khoma la dongo m'mphepete mwa mtsinje, pomwe madzi anagumula gombe, ndipo zinkhwe zimabwera kudzadya dongolo. Tinkadzuka cha m'ma 4 koloko, kuoloka mumdima, n'kukakhala m'kachisakasa ka masamba tsidya lina dzuwa lisanatuluke. Ukachedwa, mbalame zikakuona ukuyenda, tsiku limenelo lapita.

Zimayamba ndi phokoso. Timagulu tating'ono timafika kuchokera mbali zonse, ziwiriziwiri, n'kutera m'mitengo ya pamwamba pa khomalo. Sizitsika msanga. Zimakhala pamenepo zikukuwa, zikuyang'ana kumwamba ngati kuli kabawi, zikuyang'ana pansi ngati kuli kambuku wa m'tchiremo. Zina zimauluka mozungulira, kubwerera, kuzunguliranso. Kenako imodzi yolimba mtima, kapena yopusa, imatera pa dongo, ndipo zinzake zimatsatira ngati zagwa. Zoyamba zimakhala zazing'ono: zobiriwira, za mitu yabuluu, za masaya achikasu. Zikuluzikulu zija, ma macaw ofiira ndi achikasu, ofiira ndi obiriwira, komanso abuluu a chifuwa chachikasu, nthawi zambiri zimabwera dzuwa litakwera. Chinkhwe chotere kuyambira kumutu mpaka kumchira chimayandikira mita yathunthu. Khoma lonse limasanduka nsalu. Ndiye pena pake mbalame imodzi imalira mwamtundu wina, ndipo zonse zimanyamuka nthawi imodzi, phokoso lake mpaka pachifuwa kugunda. Khoma limatsala lokha.

Amene amabwera kudzaona amatsegula pakamwa. Ife tinalibe nthawi yake. Mphindi zisanu zilizonse wina ankati "tsopano", ndipo umayenera kuwerenga mbalame zonse zomwe zili pa dongo, mtundu uliwonse pawokha, mnzako akulemba. Umalembanso nyengo, ngati kuli mitambo kapena nkhungu, nthawi yomwe zinathawa, chomwe chinaziopseza, ngati bwato ladutsa. Masiku oyamba maso ako amanama. Mbalame zobiriwira makumi angapo zitapanikizana, zikusuntha, zikulumana, iwe ukuona chinthu chimodzi chobiriwira. Pang'onopang'ono umaphunzira kuwerenga mitu m'malo mwa matupi.

Ndipo pali masiku a mvula, pomwe sizibwera n'komwe. Umakhalabe. Mphindi zisanu zilizonse umalemba 0, 0, 0, tsamba lonse, udzudzu ukudya akakolo. Mnyamata wina wa ku Hamburg tsiku lina anati tingobwerera kumsasa, masamba aja tikadzaze tili pouma, popeza zikuoneka kale kuti kulibe kanthu. Mtsikana wa ku Peru amene ankatiyang'anira, yemwe anaphunzira za zamoyo ku yunivesite ya ku Cusco, sanakweze mawu. Anangomufotokozera kuti ziro amene waona ndi maso ndi ziro amene waganizira ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo munthu amene adzagwiritse ntchito kopelo zaka khumi zikubwerazi sadzakhala ndi njira yozisiyanitsira. Tinakhala mpaka nthawi itakwana. Pa zonse zomwe ndinamva kumeneko, mawu amenewa ndi omwe anandionetsa kuti ntchito yathu inali chiyani. Luso silinkafunika kwenikweni. Chinkafunika ndi munthu woti akhale pa thabwa lija, asaname.

Chifukwa chomwe zinkhwe zimadyera dongo chinandisangalatsa kuposa mbalame zenizenizo. Kale akatswiri ankati dongolo limagwira poizoni wa m'nthanga zosapsa zomwe zimadya. Kafukufuku wa zaka zambiri wa Donald Brightsmith, wa ku yunivesite ya Texas A&M, ndi anzake mumtsinje womwewu anaonetsa kuti nkhani yaikulu ndi mchere. Mvula ya kumeneko imachokera ku nyanja ya Atlantic, kutali kwambiri, ndipo ikamafika imakhala itasiya mchere wake m'njira. Nyanja ya Pacific ili pafupi, koma mapiri a Andes atchinga. Choncho zipatso, masamba ndi nthanga za m'nkhalangoyi zili ndi mchere wochepa zedi, ndipo zinkhwe zimasankha mizere ya dongo yomwe ili ndi wambiri, mpaka kukadyetsa ana awo m'zisa. Ukadziwa zimenezi umayamba kuona njala ya mchere paliponse. Nguluwe za kumeneko ndi tapir, chinyama cha mphuno yaitali chija, zili ndi maenje awo a matope mkati mwa nkhalango. Agulugufe amatera pa maso a nkhasi zikamaothera dzuwa pa zipika, kumwa misozi. Sokosi zanga ndikaziyanika zinkadzaza agulugufe okongola kwambiri, ndipo sikuti ankakopeka ndi sopo.

Masana tinkayenda m'njira zoyezedwa kale, pang'onopang'ono kwambiri, mwina kilomita imodzi pa ola, osayankhula, kulemba chinyama chilichonse ndi kutalika kwake kuchokera pa njira. Amene amaganiza kuti m'nkhalango yotere zinyama zimangoti mbwee adzakhumudwa. Umamva zambiri, umaona zochepa. Anyani ofiira olira m'bandakucha, phokoso lawo ngati mphepo yamkuntho ikubwera. Fungo la nguluwe zitangodutsa. Mapazi a jaguar, kambuku wa kumeneko, pa matope, mwini wake osamuona. Tinkasinthanso mabatire ndi makadi m'makamera omangidwa pa mitengo, madzulo n'kumaona zithunzi pa kompyuta: tsamba likugwedezeka, tsamba lomwelo, tsamba lomwelo, mchira wa chinachake, miyendo ya mnzathu.

Amene ankaona zonse anali bambo wina wachikulire, woyendetsa bwato komanso wolambula njira, amene tonse tinkangowatchula kuti Maestro. Sukulu sanapite nayo patali. Ali mnyamata ankadula mitengo ndi kusaka nyama, ndipo sankabisa. Ankatha kuima mwadzidzidzi, kuloza ndi chikwanje pa mtengo womwe ine ndinali pafupi kutsamira, pansi pake pali dzenje la isula, nyerere yaikulu yakuda yomwe ikakuluma ululu wake umatha tsiku lathunthu. Ankadziwa mtengo womwe ubale zipatso sabata yamawa ndi chinyama chomwe chidzabwerepo. Pa mapepala a kafukufuku dzina lawo silinkalembedwa, ankalemba athu. Chisipanishi changa chinali chopunduka, chawo chinali chachangu, koma tinkamvana. Iwo ndi amene anandiuza kuti ndisamavule malaya a manja aatali madzulo ngakhale kutenthe bwanji, chifukwa cha kantchentche kakang'ono kofalitsa uta, matenda a zilonda zosapola msanga. Anakweza buluku n'kundionetsa chipsera pa mwendo. Sindinavulenso.

Ndinapita nthawi ya chilimwe chawo, cha m'ma July, ndipo sabata ina kunabwera friaje. Ndi mphepo yozizira yochokera kum'mwera kwa kontinentiyo, imene imalowa m'nkhalango pakati pa May ndi September, kutentha n'kutsika kufika madigiri 10 kapena kucheperapo. Azungu aja anadabwa kwambiri, poti anabwera ndi makabudula okha. Ine ndinangoti ichi ndi chiperoni basi: thambo lotuwa, kamvula kowaza, mphepo yolowa m'mafupa, masiku atatu kapena anayi, kenako dzuwa. Nkhalango yonse inakhala chete. Achule, tizilombo, ngakhale anyani aja, onse zii. Tinagona titavala zovala zonse zomwe tinali nazo, nyumba yopanda makoma ija ikutiseka.

Zisa za zinkhwe sindinazigwire, chifukwa zimaswa nthawi ya mvula, kuyambira cha m'ma November. Koma tinkayendera mitengo yake. Zinkhwe zikuluzikulu sizimanga chisa, zimafuna mphako, ndipo mphako yokwanira mbalame yotere imapezeka mu mtengo wakale kwambiri, pomwe nthambi yaikulu inathyoka n'kuwola. Mtengo womwe zofiira zija zimakonda ndi shihuahuaco, wolimba ngati chitsulo, umene umatenga zaka mazana kuti ukule. Kulimba komweko ndi kumene kwaupha: matabwa ake amagulitsidwa kunja kukayala pansi m'nyumba za anthu olemera. Ndiye nkhalango imatha kuoneka yathunthu ukaiona kuchokera m'ndege, chonsecho mitengo yoswerana mbalame anaizula umodziumodzi. N'chifukwa chake ofufuza a mumtsinjewu, kuyambira pa ntchito yomwe Eduardo Nycander anayambitsa mu 1989, akhala akupachika zisa zopanga, za matabwa ndi za mapaipi akuluakulu a pulasitiki, pamwamba pa mitengo. Ngakhale chisa chipezeke, mbalamezi sizichulukana msanga. Zimaikira mazira awiri mpaka anayi, koma mwana wachitatu ndi wachinayi nthawi zambiri amafa ndi njala, makolo akudyetsa akuluakulu okha.

Tsiku lina Maestro anatitengera ku dera la achibale awo lotolera castaña, mtedza uja m'masitolo a ku Leeds amaugulitsa modula pa dzina la Brazil nut. Ndinali nditaudya kambirimbiri pa Khirisimasi osaganizako komwe umachokera. Mtengo wake ndi chimphona, umatha kufika mamita 50, thunthu lowongoka lopanda nthambi mpaka pamwamba. Chipatso chake ndi chigoba cholimba, chozungulira, cholemera mpaka makilogalamu awiri, mkati muli mtedza khumi kapena makumi awiri. Chimagwa chokha nthawi ya mvula, kuyambira December mpaka March, ndipo chikakugwera pamutu kuchokera kumwamba kumeneko ndi maliro. Otola amadikira kuti zambiri zigwe kaye, amaunjika, amaswa ndi chikwanje, n'kusenza matumba olemera pamsana mtunda wautali m'matope mpaka kumtsinje.

Chondigwira mtima n'chakuti mtengowu sufuna kukhala wokha. Maluwa ake ndi olimba, ndipo njuchi zikuluzikulu za m'nkhalango zokha ndi zimene zili ndi mphamvu zowatsegula n'kunyamula mungu. Chigoba chija chinyama chomwe chimatha kuchiboola bwino ndi añuje, chofanana ndi mbira koma cha miyendo yaitali. Chimadya mtedza wina, wina n'kukwirira kuti chidzadye mawa, n'kuiwala, ndipo woiwalikawo ndiye umamera. Ukagwetsa nkhalango yozungulira n'kusiya mtengo wa castaña pakati pa msipu, umaima ndithu, koma kubala kumachepa. Choncho pafupifupi mtedza wonse wa mtunduwu womwe uli pa msika wa dziko lapansi umatoledwa m'tchire, osati m'minda. Boma la Peru limapatsa mabanja zigawo za nkhalango kuti azitolamo kwa zaka zambiri, ndipo banja lotere lili ndi chifukwa chenicheni, cha m'thumba, chothamangitsira wodula mitengo. Nditaima pamenepo ndinaona kuti anthu amenewa, osenza matumba, akuteteza nkhalango yaikulu kuposa ife tonse a makope ndi zoonera patali.

Ndili mwana, ku sukulu yathu kunkabwera azungu odzipereka. Ankapenta kalasi, kusewera nafe mpira, kutijambula, miyezi ingapo n'kupita. Tinkawatenga ngati akatswiri a chilichonse. Ku Tambopata ndinakhala mbali inayo ya nkhaniyi, ndipo ndinaona bwinobwino kuti mlendo wotere amabwera ndi zinthu ziwiri: maso ndi chikwama cha ndalama. Maso amathandiza ngati pali wina wa pomwepo wowauza poyang'ana. Chikwama ndicho chimagula petulo wa bwato, mabatire, mpunga ndi malipiro a Maestro. Ndilibe nazo vuto zimenezo, bola zinenedwe poyera. Chomwe chimandinyansa ndi zotsatsa za pa intaneti zouza mwana wa zaka 19 kuti akubwera kudzapulumutsa Amazon pa masabata awiri, chithunzi chake atanyamula kanyani. Pa msasa wathu kugwira chinyama kunali koletsedwa, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha zimenezo. Komabe nditafunsa kuti pa ndalama zomwe tinalipira ndi zingati zimafika kwa ogwira ntchito a pomwepo ndi zingati zimatsala ku ofesi ya kunja yomwe inkatumiza anzanga ena, yankho linali lozungulira. Ine ndinalipira mwachindunji kwa a pa msasa. Anzanga amene anadzera ku kampani ya ku Ulaya analipira zochuluka kwambiri kuposa ine, bedi lomwelo, mpunga womwewo.

Nsomba sitinkadya kawirikawiri, ngakhale tinali pa mtsinje. Chifukwa chake ndi golide. Mtengo wa golide utakwera pambuyo pa 2008, ndipo msewu uja utatseguka, anthu zikwizikwi anatsika kuchokera kumapiri a Cusco ndi Puno kudzakumba. Amagwetsa mitengo, amasungunula dothi ndi mapampu a madzi, matopewo amawadutsitsa pa makapeti, mchenga wakuda wotsalirawo amausakaniza m'migolo ndi mekyule, chitsulo chamadzimadzi cha poizoni, nthawi zina popondaponda ndi mapazi. Mekyule amagwira golide, kenako amawotcha kuti mekyuleyo auluke. Wouluka uja amagwanso, wotayika amalowa m'madzi, amakwera kuchokera ku tizilombo kupita ku nsomba zazing'ono mpaka ku milamba ikuluikulu yodya zinzake, yomwe anthu amakonda. Mu 2016 boma linalengeza kuti m'chigawochi muli ngozi chifukwa cha mekyule m'matupi a anthu. Ofufuza a ku yunivesite ya Wake Forest anapeza kuti pakati pa 1985 ndi 2017 migodi ya golide inadya mahekitala pafupifupi 100,000 a nkhalango ya Madre de Dios. Papa Francis atafika ku Puerto Maldonado mu January 2018 anaidzudzula nkhaniyi pamaso pa anthu a mitundu ya m'nkhalangomo. Mu February 2019 boma linatumiza asilikali ndi apolisi ku La Pampa, malo oipitsitsa, m'mphepete mwenimweni mwa nkhalango yotetezedwa. Okumba ambiri anachoka pamenepo, ena n'kukayambira mitsinje ina.

Mwana wa mchimwene wawo wa Maestro anali ku migodi. Ndinawafunsa ngati amakangana naye. Anandiyang'ana ngati ndafunsa funso lachibwana. Anati castaña ndi ya miyezi itatu kapena inayi pa chaka, alendo amabwera nyengo yawo, koma mnyamatayo ali ndi ana awiri, ndipo golide amagulidwa tsiku lililonse, ndalama pamanja. Anati iwonso akanakhala ndi zaka 25 sakulonjeza kuti akanakhala m'bwato la ife owerenga mbalame.

Pobwerera ku Cusco ndinakwera galimoto ya masana dala, kuti ndione La Pampa. Kuchokera pa msewu suona zonse, koma zomwe umaona n'zokwanira: mchenga woyera, maiwe a madzi achikasu ndi obiriwira, zitsa, misasa ya mapepala abuluu, njinga zamoto zambirimbiri zikudikira anthu. Mayi amene anakhala pafupi nane anali ndi thumba la zovala zakaunjika zokagulitsa kumeneko. Anandifunsa chomwe ndinkachita ku Tambopata, ndinamuuza kuti ndinkawerenga zinkhwe. Anafunsa kuti amalipira zingati pa tsiku. Nditamufotokozera mmene zinalili, anatembenuka n'kuuza galimoto yonse.